Duwa la Mumtengo ndi Timibulu ta Dongo Lootcha

Duwa lotchedwa orchid, limene limagulitsidwa m'masitolo akuluakulu a ku London, Amsterdam kapena Johannesburg, kawirikawiri limafa imfa yofanana. Limafika pakhomo lili ndi maluwa oyera kapena ofiirira, ndipo maluwawo amakhala osafota miyezi iwiri kapena itatu, mwini wake nkumanyadira alendo akabwera. Maluwa aja akayoyoka, masamba amayamba kukwinyika ngati khungu la nkhalamba. Poona zimenezi mwini duwa amati ndi ludzu, nayamba kuthirira mowirikiza. Masamba amapitirira kulefuka, iyenso amaonjezera madzi, kufikira tsiku limene amazula chomeracho napeza mizu yonse itada, itafewa ndiponso ikununkha. Chomeracho chinalidi ndi ludzu, koma ludzulo linadza chifukwa mizu yoti imwe madziwo inali itaola kalekale.

Pofuna kuthana ndi vuto limeneli, alimi ena a maluwa ku Ulaya ndi ku Amereka anasiya makungwa a mitengo amene maluwawa amabzalidwamo mwa nthawi zonse, nayamba kubzala m'timibulu ta dongo lootcha, m'chigubu chosunga madzi pang'ono pansi pake. Njirayi amaitcha semi-hydroponics, ndipo timibuluto timadziwika ndi dzina loti LECA. Ogulitsa amaichemerera kuti ndi njira imene ngakhale mlesi sangaphere nayo duwa. Mawu otere ndi okoma m'khutu, makamaka kwa mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza sukulu ndipo akulingalira zolima maluwa ogulitsa m'mahotela ndi pa maukwati. Njirayi ndi yabwino ndithu, palibe chifukwa choinyozera. Koma ubwino wake uli ndi malire, ndipo munthu woiyamba chifukwa chongomva kutchuka kwake adzataya ndalama pamodzi ndi mbewu zimene zinatenga zaka kuti zikule.

Nkhani yonse yagona pa muzu. Padziko lonse pali mitundu ya orchid pafupifupi 28,000, ndipo yochuluka mwa iyo, makamaka ya m'maiko otentha, siimera m'nthaka. Imakangamira pa nthambi za mitengo ya m'nkhalango, mizu yake ili poyera. Siiyamwa kanthu mumtengomo, pakuti mtengo ndi pokhalira chabe. Muzu wake umakutidwa ndi khungu loyera lofanana ndi siponji, limene akatswiri amalitcha velamen. Mvula ikagwa, khungu limeneli limamwa madzi m'kanthawi kochepa, muzu nkusanduka wobiriwira. Mvula ikakata, mphepo imauwumitsa ndipo umayeranso. Phalaenopsis, amene ndiye mtundu wofala koposa m'masitolo, kwawo ndi nkhalango za ku Philippines, Indonesia, Taiwan ndi maiko oyandikana nawo, kumene mizu yake imanyowa ndi kuuma mosinthanasinthana, koma siisowa mpweya ngakhale ola limodzi. Kukwirira muzu wotere m'dothi lonyowa kuli ngati kutseka munthu pakamwa ndi pamphuno.

Angerezi anaphunzira zimenezi mochedwa ndiponso modula. William Cattley atakwanitsa kuchititsa maluwa chomera chochokera ku Brazil mu 1818, chimene pambuyo pake chinatchedwa Cattleya, anthu achuma anayamba kulimbirana maluwa a orchid ochokera kutsidya kwa nyanja. Poganiza kuti nkhalango za kotentha ndi ng'anjo yachinyontho, ankawatsekera m'nyumba zagalasi zotentha, zopanda polowera mphepo, nawakwirira m'masamba ndi m'mitengo yoola. Maluwa osawerengeka anafa. Zinthu zinayamba kusintha pamene alimi monga Joseph Paxton wa ku Chatsworth anatsegula mazenera, nachepetsa moto, nalola mpweya kudutsa. Kuchokera nthawi imeneyo, funso la mlimi wa orchid lakhala limodzi: kodi muzu ungapatsidwe bwanji madzi popanda kuumana mpweya?

Yankho lofala kwa zaka zambiri lakhala tizidutswa ta makungwa a mitengo ya paini, kapena ndere za m'madambo zotchedwa sphagnum, zimene zambiri zimachokera ku New Zealand ndi ku Chile. Zonsezi zimagwira ntchito zikali zatsopano. Tsoka lake ndi lakuti zinachokera ku chamoyo, motero zimaola. Pakatha zaka ziwiri, nthawi zina zisanakwane nkomwe, makungwa amafumbutuka, mipata ya mpweya imatsekeka, ndipo m'kati mwa mphika mumasanduka matope pamene pamwamba pakuoneka pouma. Mlimi wozolowera amadziwa zimenezi nasintha makungwa nthawi isanathe. Wophunzira kumene amanyengedwa ndi maonekedwe a pamwamba, ndipo mathero ake ndi mizu yakuda ija.

Timibulu ta dongo sitiola, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu yake yaikulu. Timapangidwa pootcha dongo la mtundu wina m'ng'anjo yaitali yozungulira, pa moto wa madigiri pafupifupi 1,200. Pa moto wotere kunja kwa kambulu kumafewa ndi kumatirira, mpweya wotuluka m'kati umasowa pothawira, ndipo kambuluko kamatupa monga mandasi amatupira m'mafuta. Kakazizira kamakhala kolimba kunja, kodzala ndi timphako m'kati, ndiponso kopepuka. Chodabwitsa ndi chakuti oyamba kupanga zimenezi analibe maluwa m'mutu. Stephen Hayde wa ku Kansas City, ku United States, anaona kuti njerwa zopsa moposa muyeso zimatupa, ndipo mu 1918 analandira chiphaso cha umwini wa njira yopangira miyala yopepuka yosakaniza ndi simenti. Chombo chotchedwa Selma, chimene chinaikidwa pamadzi ku Mobile mu 1919, chinamangidwa ndi konkire wa miyala yotere. Mpaka lero timibulu tambiri timathera kwa omanga nyumba ndi misewu. Alimi a maluwa anangobwereka.

Amene anatchukitsa njira yobzala orchid m'timibuluti, nafalitsanso dzina loti semi-hydroponics, ndi mlimi wa ku United States wotchedwa Ray Barkalow. Kapangidwe kake nkosavuta. Munthu amatenga chigubu chapulasitiki chachitali, chosabooka pansi, naboola timabowo tiwiri m'mbali, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pansi. Amadzazamo timibulu totsukidwa bwino ndi kuviikidwa m'madzi usiku wonse, chomera chili pamwamba. Pothirira amathira madzi ambiri msangamsanga kufikira chigubu chitadzaza, ndipo madziwo amatuluka pa timabowo tija, nkutsala kadziwe kakang'ono pansi. Aliyense amene anawerengapo pa koloboyi adzamvetsa chotsatira chake: monga palafini amakwera m'chingwe kufikira pamoto, madzi amakwera kuchoka pa kambulu kena kupita pa kanzake. Timibuluto pokhala tozungulira sitingathinane kotheratu, choncho pakati pake pamatsala mipata ya mpweya imene siitsekeka chaka ndi chaka. Muzu umapeza chinyontho ndi mpweya nthawi imodzi.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Kuthirira moposa muyeso nkovuta, pakuti madzi osafunika amadzitulukira okha. Chigubu chikakhala choonekera m'kati, mlimi amaona ndi maso kuti kadziwe katsala pati ndiponso kuti mizu ili bwanji, osati kumangolota. Munthu akhoza kuchokapo sabata yathunthu osadandaula. Timibulu timodzimodzito tikhoza kutsukidwa, kuwiritsidwa ndi kugwiritsidwanso ntchito, ngakhale kuti tochokera pa chomera chodwala nkwanzeru kutitaya, popeza tizilombo tina toyambitsa matenda a orchid nkovuta kutipha. Kufikira apa ogulitsa sananame.

Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, ndipo ndicho chimapha maluwa ambiri, ndi chakuti muzu wa orchid umakula molingana ndi malo amene ukukuliramo, ndipo ukakula sungasinthenso. Muzu umene unakulira m'makungwa, mozolowera kunyowa lero ndi kuuma mawa, ukaikidwa m'timibulu tonyowa usana ndi usiku kawirikawiri umalephera, nkuola pang'onopang'ono. Mizu imene imakondwa m'timibulu ndi yatsopano, yobadwira momwemo. Tanthauzo lake ndi lakuti chomera chilichonse chosamutsidwa chimakhala pa mpikisano: mizu yatsopano iyenera kukula yakale isanathe kufa. Chomera chikasamutsidwa pamene tinsonga tobiriwira ta mizu yatsopano tangoyamba kusuzumira patsinde, chimapambana mpikisanowo mosavuta. Chikasamutsidwa chili pa maluwa, kapena m'nyengo yozizira pamene chaleka kukula, mizu yakale imatha yolowa m'malo isanabwere, ndipo chimafa imfa yomwe ija imene mwini wake ankaithawa.

Apa ndipo pamene munthu wachangu amagwera m'mbuna. Wawerenga za njira yatsopano Lachisanu, wagula thumba la timibulu Loweruka, ndipo pofika Lamulungu madzulo maluwa ake onse khumi ali m'zigubu zatsopano. Pakatha miyezi iwiri, asanu ndi awiri alefuka, ndipo iye amayamba kulalikira kuti njirayi ndi yabodza. Mnzake amene anadikira, nasamutsa chomera chimodzi pa nthawi yake, amalalikira kuti njirayi ndi yozizwitsa. Onse awiri akunena zimene anaona, ndipo mkangano wa pakati pa alimi a orchid pa nkhaniyi mbali yaikulu ndi umenewu. Ndiponso nkofunika kunenetsa kuti chomera chodwala, chimene mizu yake yatha kale, sichichira chifukwa chongoikidwa m'timibulu. Chofooka ndicho chimalephera msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mlimi angadikire miyezi ingapo kuti aone tinsonga tobiriwira tija.

Vuto lachiwiri alidziwa bwino amayi amene amasunga madzi akumwa mumtsuko. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa chinyontho chotuluka m'dongo chimauluka ndi mphepo, nkutenga kutentha. Timibulu tonyowa timachita chimodzimodzi, kotero kuti mizu imakhala pozizira kuposa mpweya wa m'chipinda. Kumalo otentha chimenechi ndi chithandizo. Koma Phalaenopsis sakondwa kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15 kapena 16, ndipo muzu wozizira ndi wonyowa pamodzi suchedwa kuola. Alimi a ku Ulaya ena amayala kamphasa kamagetsi kotenthetsa pansi pa zigubu zawo. Munthu wokhala ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, kumene usiku wa Juni ndi Julayi umalowa m'mafupa, aganizire zimenezi asanagule kanthu, ndipo nyengo yozizira ikafika achotse zigubu zake pazenera usiku. Wa ku Mangochi kapena ku Salima sangavutike kwambiri ndi mbali imeneyi.

Kenaka pali nkhani ya chakudya ndi madzi, zimene sizingalekanitsidwe. M'timibulu mulibe chakudya ngakhale pang'ono. Chilichonse chimene chomera chingadye chiyenera kudzera m'madzi othirira. Feteleza wa m'munda sathandiza pano. Urea ali ndi nayitirojeni yekha, ndipo 23:21:0+4S, monga ziro wa pa dzina lake akusonyezera, alibe potaziyamu. Pamafunika feteleza wosungunuka m'madzi, wokhala ndi zofunika zonse kuphatikizapo kashiyamu ndi maginiziyamu, wothiridwa mochepa kwambiri koma pa kuthirira kulikonse. Madziwo akamakwera ndi kuuluka pamwamba, mchere wa mufeteleza ndi wa m'madzi momwemo umatsalira pa timibulu tapamwamba, nkupanga kachikhungu koyera kamene kamawamba mizu yanthete ikangokakhudza. Ndicho chifukwa chake kungoonjezera timadzi pa kadziwe kapansi nkulakwa. Chigubu chiyenera kudzazidwa mpaka pakamwa nthawi iliyonse kuti mchere utsukike. Madzi amvula ndiwo abwino koposa. Madzi a pa mjigo amasiyana malo ndi malo, ndipo kumadera ngati Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi omveka mchere pakamwa, njirayi ingalephere pokhapokha munthu atasunga madzi amvula okwanira chilimwe chonse. Madzi amene amasiya zoyera m'ketulo adzasiyanso zoyera m'chigubu.

Si mitundu yonse imene imalola njirayi mofanana. Phragmipedium wa ku South America, amene kwawo amamera m'mbali mwa timitsinje, amakondwa nayo kwambiri. Phalaenopsis amachita bwino pakakhala potentha. Vanda, amene alimi a ku Thailand amangomupachika m'mwamba mizu ili lendelende, sasowa chigubu chilichonse. Dendrobium nobile ndi Catasetum amafuna nyengo yopuma pouma, ndipo kadziwe kosauma kamasokoneza mwambo wawo pokhapokha mlimi atakakhuthula nyengoyo ikafika.

Nanga kumene timibuluti nkosowa kapena nkodula? Wina angaganize zoumba yekha timipira ta dongo nkutiotcha monga amaotchera miphika. Timipira totere tidzalimba, koma sitidzatupa, pakuti moto wa nkhuni wa pabwalo sufika madigiri 1,200, ndiponso si dongo lililonse limene limatupa. Komabe zimenezi zisagwetse munthu mphwayi. Ku India ndi kumaiko ena a ku Asia alimi akhala akubzala orchid m'zibenthu za njerwa ndi m'makala kwa zaka zambiri. Njerwa yopsa bwino imamwa ndi kukweza madzi, ngakhale kuti ndi yolemera, ndipo zibenthu zake posafanana kukula zimasiya mipata yosalingana. Yosapsa bwino imafumbutuka nkubwerera ku matope. Zibenthu zosankhidwa za msinkhu umodzi, zosefedwa fumbi ndi kuviikidwa masiku angapo, nzoyenera kuyesedwa, bola kuyesako kuyambe ndi mbewu yosadula.

Mphunzitsi wa sayansi kapena wa zaulimi ali ndi mwayi pamenepa, ngakhale sukulu yake isakhale ndi duwa la orchid ndi limodzi lomwe. Ana ambiri amatuluka m'kalasi akukhulupirira kuti chomera chimadya dothi, pamene Julius von Sachs ndi Wilhelm Knop a ku Germany anasonyeza cha m'ma 1860 kuti mbewu imakula m'madzi okhaokha osungunuliramo michere yoyenera, ndipo William Gericke wa ku California anafalitsa liwu loti hydroponics mu 1937. Mabotolo atatu apulasitiki odulidwa pakhosi, obooledwa m'mbali, lina lodzazidwa ndi zibenthu za njerwa, lina ndi makala, lina ndi mchenga, angaphunzitse zambiri kuposa masamba khumi a notsi. Ana ayeze ndi rula kuti chinyontho chakwera masentimita angati pa tsiku m'botolo lililonse. Abzalemo kholowa, aone kumene mizu ikuyera ndi kumene ikuda. Amene waona zimenezi ndi maso ake adzamvetsanso chifukwa chake chimanga chimachita chikasu m'munda wodikha madzi, ngakhale feteleza atathiridwa wokwanira.

Chenjezo limodzi nlofunika kwa iwo amene chidwi chawagwira. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo pafupifupi theka lake imapezeka ku Nyika. Ina imamera m'nthaka, ina pamitengo ya m'nkhalango za ku Zomba ndi ku Mulanje. Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawanga ngati kambuku, amakopa aliyense womuona. Chiyeso chokathothola chomera chotere mumtengo nkukachiika m'chigubu nchachikulu, popeza sichigulidwa. Koma chomera cha m'tchire, chimene mizu yake yakangamira pakhungwa zaka zambiri, chimaduka mizu pochithothola, ndipo ndicho choyamba kufa posamutsidwa. Njere za orchid nzazing'ono ngati fumbi, ndipo m'tchire sizimera popanda chithandizo cha nkhungu ya mtundu wina, motero chozulidwa sichibwerera msanga. Malonda a orchid pakati pa maiko amayang'aniridwanso ndi pangano la CITES la mu 1973. Maluwa a m'masitolo alibe mlandu umenewu. Kuyambira 1922, pamene Lewis Knudson wa ku Cornell anameretsa njere za orchid m'botolo pa phala lokhala ndi shuga, alimi akhala akuchulukitsa maluwawa m'mabotolo, ndipo Phalaenopsis wogulidwa lero anayambira moyo wake m'galasi, osati m'nkhalango ya wina aliyense.

Woyamba kumene agule zomera ziwiri za mtundu umodzi, zamphamvu, zamasamba olimba. Zonse zikhale m'makungwa mwake kufikira maluwa atayoyoka ndipo nyengo yotentha yafika. Tinsonga ta mizu tikaoneka, asamutse chimodzi chokha, atachotsa mosamala makungwa onse ndi mizu yofewa, tsinde likhale pamwamba pa timibulu, mizu yakale isafike m'kadziwe. Chinacho chitsale m'makungwa. Akhale ndi kope lolembamo tsiku lothirira, mtundu wa madzi, muyeso wa feteleza ndi kazizidwe ka usiku. M'masabata oyamba chosamutsidwacho chikhoza kuoneka chofooka kuposa chinzake, ndipo tsamba limodzi lam'munsi likhoza kugwa. Chimenechi si chifukwa chochizulira kuti aone za m'kati. Chizindikiro choyembekezera ndi muzu wonenepa, wa nsonga yobiriwira, wotsetsereka pakati pa timibulu m'mbali mwa chigubu kulunjika kumadzi. Muzu umenewo ukalowa wokha m'kadziwe suola, chifukwa unabadwira momwemo, ndipo asaudule.